Tsiku limene amayi anachedwa

Amayi anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, koma panapita zaka khumi ndisanamve munthu wa pakhomo pathu akutchula mawu amenewa. Bambo sindinawadziwe. Iwo anamwalira ndili kumsana, ndipo za iwo sindinafunsepo.

Ndinakulira m'manja mwa agogo aakazi, amene kwathu kuno ku Domasi timawatcha anganga. Amayi ankagwira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Limbe. Mwezi ukatha ankabwera pa minibasi n'kutsikira pa Songani, pafupi ndi pamene anganga ankayala tomato ndi mpiru pa chiguduli. Chitseko chikatseguka ndinkayamba kuona jumbo yabuluu, momwe munkakhala buledi ndi sopo, kenako dzanja, kenako iwo. Ankagona masiku awiri n'kubwerera.

Mwezi wina anabwera koma sanabwerere. Anagona m'nyumba masabata angapo akutsokomola, kenako anawatengera kuchipatala ku Zomba. M'mawa wina mayi wina wa kumpingo anandigwira dzanja n'kupita nane kwa mng'ono wake ku Naisi. Ndinakhalako masiku anayi. Ndinadya bwino, ndinasewera phada ndi ana a pakhomopo. Pobwera kwathu ndinapeza phulusa lambiri pabwalo, mabenchi a kutchalitchi atasanjikizidwa pakhonde, ndi anganga atameta tsitsi.

"Amayi ako atisiya," anatero anganga.

Sindinadabwe. Amayi ankatisiya mwezi uliwonse.

Masiku otsatira anthu ankabwera kudzakhala pamphasa, ndipo aliyense ankandigwira pamutu n'kunena ake mawu. Ena ankati amayi atsogola. Ena ankati akupumula. Mkulu wa mpingo anati aitanidwa. Ine ndinkamvetsera ndithu, ndipo pa zonsezo sindinapezepo chinthu chimene munthu sangabwerere. Wotsogola timamupeza kutsogolo, wopumula amadzuka, woitanidwa amakamva zimene amuitanira n'kubwera. Choncho Loweruka lililonse ndinkakhala pambali pa chiguduli cha anganga pa Songani, n'kumayang'ana zitseko za maminibasi ochokera ku Zomba.

Pofika Sitandade 4 ndinali nditadziwa. Palibe anandiuza, ndipo sindikumbuka tsiku limene ndinadziwa. Sindinalire. Anganga si munthu wolankhula, inenso ndinatengera iwo. Tinkalima, kutunga madzi, kupita kutchalitchi ku Mishoni, kugulitsa tomato, ndipo dzina la amayi silinkatchulidwa. Kumanda ana sapita, ndiye sindinkadziwa n'komwe pamene anawaika. Chomwe sichinasinthe ndi maso. Minibasi ikaima, maso ankapita okha pachitseko, mutu ukudziwa bwinobwino kuti palibe atsike.

Kusukulu ndinaphunzira liwu lina loonjezera pa aja a pamphasa. Aphunzitsi potithandiza kulemba mafomu anati amene makolo awo kulibe alembe *late* pamzere wa dzina la kholo. Liwulo ndinkalidziwa kale. Ndi lomwe ankaitanira ofika belu litalira, aja ankawapatsa tsache kapena khasu. Palibe anaona chachilendo kuti ochedwa ndi omwalira akhale ndi liwu limodzi. Tonse tinakula tikudziwa kuti m'Chingerezi munthu akamwalira amakhala *late*. Timatero pamaliro, timatero m'maofesi, ndipo anganga amene, osapita kusukulu, liwu limeneli ankalidziwa.

Ndili Fomu 3, pasekondale yathu yoyendera panabwera mphunzitsi wachizungu, wa aja amabwera kudzathandiza zaka ziwiri n'kubwerera kwawo. Anali mtsikana ndithu, wa mphuno yopsa ndi dzuwa, woyenda pa njinga yokhala ndi dengu kutsogolo. Dzina lawo linkativuta, ndiye tinkangoti Madamu. Chichewa chawo chinali moni ndi zikomo basi, koma ankapereka moniyo kwa aliyense, ngakhale ana oyamwa. Akusukulu anawapatsa phunziro la Chingerezi, n'kuwapatsanso kuyang'anira kalasi yathu.

Teremu imeneyo tinafika pa mutu wa *figures of speech*, zimene m'kalasi ya Chichewa timati nsinjiro za chiyankhulo. Madamu ankaukonda mutuwu. Ankalemba liwu pabolodi, kulifotokoza, kenako n'kutiuza kuti zitsanzo tizitenge pano pomwe, osati m'buku. Kalasi inkasangalala, makamaka mnzanga amene ndinkakhala naye desiki imodzi, mwana wa kalaliki wa ku koleji, yemwe pakamwa pake sipankauma. Pa *irony*, kunena chinthu ukutanthauza chosiyana nacho, iye anati ndi zija mlonda wa pasukulu amauza wochedwa kuti lero ndiye mwalawira. Madamu anaomba m'manja. Pa *hyperbole*, kukokomeza chinthu mopyola muyezo, mnzangayo anapereka kondakitala wa pa Songani amene amakuwa kuti watsala mmodzi minibasi ili mbee. Madamu anaganiza pang'ono n'kunena kuti limenelo ndi bodza wamba, si *hyperbole*.

"Ndiye kuti hayipabole ndi bodza lopita kusukulu," anandinong'oneza mnzangayo.

Ine mutuwu unandikanika. Galamala ndinkakhoza kuposa aliyense, masipelo chimodzimodzi, koma apa ndinkangokhala. Tsiku la *metaphor*, kutchula chinthu ndi dzina la chinthu china, Madamu analemba pabolodi chiganizo chosamaliza, chonena kuti msewu ndi chakuti, ife timalize. Ena anati msewu ndi njoka. Wina anati ndi lamba wakuda. Ine ndinalemba kuti msewu ndi wa tala ndipo umapita ku Liwonde. Kope litabwera ndinapeza inki yofiira: n'zoona, koma si *metaphor*, yesanso. Ndinayesanso. Ndinalemba kuti umapitanso ku Zomba.

Sikuti sindinkamva. Ndinkamva ndithu kuti akufuna njoka. Koma dzanja silinkalola kulemba kuti chinthu ndi chimene sichili.

Kenako linafika liwu lakuti *euphemism*. Madamu anati ndi kuzungulira chinthu chowawa kapena chochititsa manyazi ndi mawu ofewa. Analemba zitsanzo zakwawo za imfa: *passed away*, *gone to rest*, *no longer with us*. Anafunsa ngati ifenso tili nazo. Manja anakwera kalasi yonse. Wina anati kudzithandiza, anthu n'kuseka. Wina anati woyembekezera, anyamata n'kufunsana kuti akuyembekezera basi yopita kuti. Ndiye anayamba za maliro: atisiya, atsogola, atsikira kulichete, aitanidwa. Madamu ankalemba mawu athuwo pabolodi molakwitsa masipelo, mnzanga akuwakonza mokuwa. Ine ndinakopera zonse m'kope, mzere ndi mzere, n'kudula mzere pansi pa mutu ndi lula. Anali mawu onse a pamphasa paja, tsopano ali ndi dzina ndi malikesi awiri pa mayeso. Liwu lakuti *late* palibe analitchula. Kwa ife silinali lozungulira chilichonse, linali Chingerezi chenicheni cha pafomu.

Tsiku lotsekera teremu makolo ankabwera kudzatenga malipoti. Anganga sankabwera, chifukwa sakanasiya tomato padzuwa, ndipo aphunzitsi akale, podziwa za kwathu, ankangondipatsira lipoti m'manja. Koma Madamu analengeza kuti lipoti lililonse alipereka kwa kholo, chifukwa akufuna kudziwana ndi makolo onse. Ine anganga sindinawauze. Ndinkaganiza kuti pamapeto angondipatsa.

Makolo anabwera, ena ovala mataye a kuofesi, ena ndi matope a kudimba m'mapazi. Pofika masana anali atatha. Mnzanga uja anapita ndi bambo ake. Aphunzitsi ena anakwera njinga zawo. M'kalasi tinatsala awiri, ine pa desiki yanga ndi Madamu patebulo, lipoti limodzi lili patsogolo pawo. Anandimwetulira n'kufunsa.

"Where is your mother?"

"She is late, Madam."

Ndinayankha monga ndinkayankhira nthawi zonse, ndipo nthawi zonse wofunsayo ankati pepa n'kupita pa funso lina. Madamu anayang'ana wotchi yapamkono. Anati palibe vuto, iwo sakuthamangira kulikonse, tiwadikira.

Ndinazindikira pomwepo chimene chachitika. Ine ndanena kuti amayi anamwalira, iwo amva kuti amayi achedwa. Kukonza kwake kunali kwa mawu atatu okha, ndipo mawuwo ndinkawadziwa, masipelo ake omwe. Ndinatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka ndi "Yes, Madam."

Anati m'kalasi mukutentha, ndipo tinatulutsa mipando iwiri pakhonde. Kuchokera pakhondepo munthu amaona kachigawo ka msewu wa tala pakati pa mabulugama, ndi kanjira kochokera kumsewuko kubwera kusukulu. Madamu anatulutsa nthochi ziwiri m'chikwama, imodzi n'kundipatsa. Ndinadya. Khungu lake ndinalisunga m'manja chifukwa sindinaone potaya.

Anayamba kundifunsa za amayi, pofuna kuti nthawi ipite. Amagwira ntchito kuti? Amabwera bwanji? Kusukulu anatiphunzitsa kuti funso likabwera mu nthawi yatsopano, yankho likhalenso mu nthawi yatsopano, ndipo galamala ndinkaikhoza. Ndinati amagwira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Limbe. Ndinati amabwera pa minibasi. Madamu anati ndiye n'zomveka, maminibasi amenewa sanyamuka asanadzaze, tisawaimbe mlandu. Anafunsa ngati ndimafanana nawo. Ndinati anthu amatero. Anafunsa ngati amayi amalankhula kuposa ine, ndipo ndinati eya, amaseka kwambiri. Zimenezi sindinkadziwa kuti ndikuzikumbukira mpaka nditazinena.

Minibasi ikamveka kumsewu, Madamu ankatukula mutu. Ikadutsa osaima ankati ina ikubwera. Ikaima ankati mwina ndi imeneyi, ndipo tonse tinkayang'ana kanjira kaja mpaka titatsimikiza kuti palibe akubwera. Zaka khumi ndinkayang'ana zitseko ndekha, mobisa, anganga akupanga milu ya tomato pambali panga. Tsiku limenelo panali munthu wamkulu, wa wotchi, amene ankayang'ana nane poyera, osakayika n'komwe. Sindinganene kuti ndinasangalala. Sindinkamva chilichonse, koma sindinkafuna kuti zithe.

Nthawi ina minibasi inaima, ndipo patapita kanthawi m'kanjira munatulukira mayi wamtali atanyamula jumbo. Madamu anaimirira n'kukonza siketi. Nditadziyang'ana ndinapeza kuti nanenso ndaimirira. Mayiyo anafika pamphambano n'kukhotera kuchigayo. Tinakhalanso pansi. Jumbo yake inali yakuda.

Mthunzi wa khonde unali utafika pa maluwa a kutsogolo kwa ofesi pamene anganga anatulukira, dengu lili pamutu. Ndinamva pambuyo pake kuti mnzanga uja podutsa pa Songani anawauza kuti wandisiya kusukulu ndi mzungu, ndipo iwo anaganiza kuti ndapalamula. Ankayenda mofulumira kuposa masiku onse. Madamu anaimirira, nkhope yonse ikuwala, n'kuwachingamira ndi manja awiri.

"Muli bwanji, amayi?"

Anganga anayankha moniwo osatula dengu. Madamu anapitiriza m'Chingerezi, kuti asadandaule za kuchedwa, akudziwa kuti ulendo wa ku Limbe ndi wautali, kenako anandiyang'ana kuti ndimasulire.

"Akuti chani za Limbe?" anafunsa anganga.

"Akuti musadandaule kuti mwachedwa."

"Ndachedwa chani? Anandiitana?"

"Amadikira amayi."

"Amayi ake a ndani?"

"Anga."

Anganga anandiyang'ana, n'kuyang'ana Madamu, n'kuyang'ana mipando iwiri ija.

"Iwe unawauza chani?"

"Ndinawauza kuti ndi leti."

"Nanga si leti amene?"

"Iwo akumva ngati achedwa."

Apa ndi pamene anatula dengu. Analiika pansi pang'onopang'ono, n'kuchotsa nkhata pamutu, n'kuigwira m'manja. Anafunsa kuti takhala pamenepa kuyambira nthawi yanji, ndipo ndinati kuyambira masana. Anafunsa ngati nthawi yonseyo mzunguyo amayang'ana kumsewu. Ndinati eya.

"Nanga iwe?"

Khungu la nthochi lija linali likadali m'manja mwanga, litada.

"Auze bwinobwino," anatero anganga. Sanakweze mawu, ndipo sankayang'ana ine, ankayang'ana nkhata. "Auze kuti mayi ako anamwalira. Anamwalira kuchipatala, tinakawatenga, tinaika m'manda. Papita zaka khumi. Asadikire."

Aka kanali koyamba. Ndinkaganiza kuti tsiku limene ndidzamve mawu amenewa pakamwa pa anganga china chake chidzachitika m'thupi mwanga. Palibe chinachitika. Kumsewu kunadutsa lole ya matabwa. Madamu anali akumwetulirabe, kudikira kuti ndimasulire.

Ndinatembenuka. M'mutu munabwera tsamba lija la m'kope, mawu onse ali pamzere pansi pa mutu wake: *passed away*, *gone to rest*, *no longer with us*. Onse Madamu akanawamva, poti ndi akwawo, ndipo onse anali aulemu. Koma anganga sananene kuti atisiya. Womasulira amanena chimene chanenedwa.

"My mother died, Madam. Ten years ago. This is my grandmother."

Kumwetulira kwa Madamu kunatha. Kenako nkhope inafiira kuyambira m'khosi, anagwira pakamwa, misozi n'kuyamba kutsika. Ankapepesa mobwerezabwereza, m'Chingerezi ndi m'Chichewa chawo chochepacho, kufunsa kuti bwanji sindinanene, n'kudziyankha okha kuti ndinanena, iwo ndiwo sanamve.

"Nanga akulira chani?" anafunsa anganga. "Ankawadziwa?"

Ndinati ayi. Limenelo sindinamasulire.

Atadzipukuta, Madamu anapereka lipoti kwa anganga ndi manja awiri. Ananena zimene ankafuna kuuza kholo langa tsiku lonse: kuti ndine wanzeru, kuti ndikhoza kupita kutali, koma sindilankhula m'kalasi, ndipo pa nsinjiro za chiyankhulo ndikuchita ngati ndikukana dala. Ndinafupikitsa.

"Akuti sindilankhula."

"Auze kuti kwathu ndi choncho."

Ndinawauza. Anganga anapinda lipotilo pakati n'kulilowetsa m'dengu, pansi pa tomato wotsala. Ndinabweza mipando m'kalasi. Madamu anatsala pakhonde atagwira njinga yawo, osakwera.

Dengu ndinasenza ine. Tinadutsa kuseri kwa Mishoni, kutsika kudambo, anganga patsogolo ine pambuyo. Analankhula kamodzi, kuti tomato lero sanayende, anthu a ku Naisi abweretsa wambiri. Ndinavomera.

Pali malo pamene njira yakwathu imadutsa pafupi ndi nkhalango ya kumanda. Masiku onse tikafika pamenepo anganga ankafulumiza phazi. Tsiku limenelo anaima. Analoza ndi chibwano, poti kumanda saloza ndi chala.

"Ukalowa, pali mtengo wa msuku kumanjaku. Mayi ako ali kuseri kwake, achitatu pamzere."

Ndinayang'ana. Ndinaona mitengo ndi udzu wouma basi. Ndinazindikira kuti anena kuti ali, osati anaikidwa, koma sindinawakonze.

"Chabwino," ndinatero.

Tinaimapo pang'ono, kenako anganga anati tiye, mbuzi zikadali kunja.

Teremu yotsatira, tsiku loyamba, Madamu anabwereza mutu uja pokonzekera mayeso. Pa mndandanda wa *euphemism* anaonjezera liwu limodzi pansi penipeni, *late*, osandiyang'ana. Kalasi inatsutsa kuti limenelo si lozungulira, ndi lenileni. Mnzanga anati Madamu akufuna kutiphunzitsa Chingerezi chathu chomwe. Ine ndinatsegula kope, ndinapeza tsamba lija, ndinalemba liwulo pansi pa enawo.

Koma zimenezo zinali pambuyo. Loweruka lotsatira tsiku la malipoti ndinali pa Songani, pambali pa chiguduli, anganga atapita kukafuna chenje. Ndinkapanga milu ya tomato, atatu pansi mmodzi pamwamba. Minibasi yochokera ku Zomba inaima patsogolo panga, kondakitala akukuwa za Liwonde, ndipo ndinamva chitseko chikutseguka. Mulu umene ndinkapanga unagwa, ndinauyambanso. Sindikumbuka ngati ndinadzutsa mutu.